Nsabwe za ku Dunoon

Dunoon, Cape Town
11 Febuluwale 2024

Okondedwa achemwali a Esinala,

Muli bwanji kumudziko? Alamu a Zakeyu akupeza bwanji ndi bondo lawo lija? Ife kuno tadzuka, kungoti mphepo yakunoyi ikufuna kutisasulira malata tsiku ndi tsiku.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba. Ndikudziwa kuti foni mumachita kubwereka pagolosale ya a Gladson, ndipo mawu anga akafika pamenepo amamva ndi odzagula mchere omwe. Nkhani iyi si ya pagolosale. Ndapatsira a Douglas aja amanyamula katundu wa anthu kuchoka kuno, alonjeza kuti adzakupatsani pamanja.

Achemwali, Chiyembekezo ali ndi nsabwe. Lachinayi anabwera kuchokera kusukulu ndi pepala la aphunzitsi, loti asapondenso m'kalasi mpaka m'mutu mutayera. Manyazi ake! Ine amene ndimakolopa nyumba ya azungu ku Table View mpaka munthu kumadziona nkhope m'matailosi, mwana wanga ndiye azibwezedwa chifukwa cha nsabwe? Madamu atati amve, ndi ana awo a tsitsi lofika m'chiuno aja, sindikudziwa kuti angandiyang'ane bwanji. Ndinathamangira ku famase, ndinagula shampu wa nsabwe ndi magolovu, ndinamuimika m'beseni n'kumusambitsa m'mutu monga analembera pabotolo. Iye maso pansi, ngati ng'ombe ya padibi.

Tsono ndifunse, ndipo musandimve molakwa: kodi nsabwezi sanachoke nazo kwanuko mu Disembala? Sindikunena kanthu ayi. Mungoyang'anako mphasa ndi mabulangete, mwina muli zina zotsala.

China chikundidya mtima kuposa nsabwezo. Miyezi iwiri tsopano chibwerereni, mwanayu mawu ake ndi "eya" ndi "ayi" basi. Akamadya amayang'ana kukhoma. Pogona amavala duku lanu lobiriwira lija, ndikati ndilichape amalibisa m'chikwama cha kusukulu. Ndinakusiyirani mwana wa zaka ziwiri, mwandibwezera mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sindikudziwa pomuyambira. Kodi kwanuko ankateronso?

Mundiuze za mvula. Tikumva kuti kwachita ng'amba.

Ndine mng'ono wanu,
Tabitha

Namadzi
25 Febuluwale 2024

Iwe Tabitha,

Moni ndikukupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa kupereka moni ngakhale kwa wokuponda chala. Tilipo. Bondo la alamu ako lilipo, chimanga ndiye chapota masamba ngati anyezi, mvula inapita ndi Januwale.

Kalata yako ndawerenga kawiri. Kachitatu ndinapatsa alamu ako kuti andiwerengere, poti mwina maso anga ayamba bodza. Zaka zisanu ndi ziwiri ndalera mwana ameneyo. Chikuku chinamugwira ali kumsana kwanga. Malungo a chaka chija ndinagona naye pasimenti kuchipatala masiku asanu. Dzino lake loyamba ndinaligwedeza ndine. Lero zikomo wake ndi woti ndikasanthule mabulangete anga? Ha, Tabitha, Joni yakuonongadi.

Tandiuza, ndi nsabwe yanji imene ingakwere basi pa Blantyre, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge yopanda pasipoti, ikafika n'kukhala phee kudikira kuti sukulu itsegulidwe? Tsitsi limenelo ndinaluka ndekha dzulo lake la ulendo, mzere uliwonse ndinauona ndi maso angawa. Munalibe ngakhale dzira limodzi la nsabwe. Nsabwezo ndi zanu za komweko, za m'matailosi.

Koma chandiwawa kwenikweni ndi magolovu. Mwana wobereka wekha kumugwira ndi magolovu, ngati ukutsuka chimbudzi cha madamu! Ndiye ukudabwa kuti sakuyankhula? Kuno Chiye ankalongolola mpaka alamu ako kuthimitsa wailesi, ati nanga timvere ziwiri.

Ukaona kuti wakukanika, umubweze. Ine sindinapemphe kuti achoke, unachita kulira ndiwe pafoni kuti ukufuna mwana wako. Malo ake m'nyumba muno sitinaikepo thumba.

Ndine mkulu wako,
Esinala

Dunoon
17 Malichi 2024

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kalata yanu inandilasa, koma ndinaiputa ndekha. Ndinapita kukiliniki, nesi wake anandiseka. Akuti nsabwe sizibwera chifukwa cha uve, siziuluka, sizidumpha, zimangoyenda kuchoka m'mutu uwu kupita uwo ana akagundanitsa mitu posewera, kapena akabwerekana zipeso ndi zipewa. Akuti masiku ano ana ambiri a sukulu akukanda. Ndiye kuti mabulangete anu ndinawanamizira. Ndagwada, achemwali, pepani.

Nsabwe zinabweranso. Shampu uja amapha zoyenda, koma mina, timazira tija timamatirira kutsitsi, ina imapulumuka. Ndimayenera kubwereza patatha sabata, koma Loweruka limenelo madamu anali ndi alendo, ndinaweruka ndili wotheratu. Ndinati ndichita mawa, mawa lake n'kukhala mawa lina. Pano zaswa zatsopano.

Mnzanga Tusajigwe wa ku Karonga, amene timayandikana zitseko, anati ndithire parafini. Ndinathiradi m'kapu. Fungo lake litangondimenya ndinaona achimwene a Maxwell ali kamnyamata, tsiku lija abambo anawathira parafini m'mutu, khungu n'kusupuka ngati mbatata yophika, amayi n'kukhala sabata yathunthu osayankhula ndi abambo. Mukukumbuka? Ndiye m'kachipinda kathu ka malata kano, pulayimasi ikuyaka pambali. Ndinabwezera m'botolo.

Kenako ndinati basi, ndimumete mpala tithane nazo. Nditatulutsa sizasi, mwana uja anandiyankhula koyamba mawu oposa awiri. Anagwira mutu ndi manja onse, nati, "Tsitsi ili si lanu. Analisunga ndi amayi a ku Namadzi." Sanakuwe, ananena bwinobwino ngati akundiuza nthawi. Ndinaika sizasi pansi, ndinatuluka, ndinakalirira kumpope kumene timatunga madzi, amayi ena a Chikhosa n'kumandifunsa kuti wamwalira ndani.

Achemwali, mwina ndinalakwa kumutenga. Zaka zonsezi ndakhala ndikulawirira matekisi a mbandakucha, ndikuchapa zovala za eni ake, ndikudziuza kuti tsiku lina mwana wanga adzagona pambali panga. Akugonadi, koma atandifulatira. Ndaganiza kuti sukulu ikatsekera mu Juni anyamuke ndi a Douglas, abwerere kwanu kumene amaseka. Ndikulemba izi mtima ukukana.

Pakadali pano ndithandizeni. Inu zikamugwira munkatani? Musachedwe kuyankha.

Ndine mng'ono wanu,
Tabitha

Dunoon
7 Epulo 2024

Achemwali,

Moni. A Douglas apita ndi kubwera, ndipo akulumbira kuti kalata yanga anakupatsani pamanja muli pakhonde mukusadzula nkhwani. Ndawafunsa ngati mukudwala, akuti ayi, anakusiyani mukuimba. Nanga chete ameneyu ndi wa chiyani? Ngati ndi za mabulangete zija, ndinapepesa kale, ndipo ndikupepesanso.

Chiye wajombanso masiku anayi. Kunkhongo kwayamba tizilonda chifukwa chokanda. Pasaka tadya awiriwiri osayang'anana.

Ngakhale mizere iwiri yokha, achemwali.

Tabitha

Namadzi
21 Epulo 2024

Tabitha mng'ono wanga,

Tili moyo. Zokolola za chaka chino n'zochititsa manyazi nkhokwe, koma zimenezo tikambirana tsiku lina.

A Douglas sananame, ndinkaimbadi. Ndikuuze zoona, ngakhale zindichotse ulemu. Nditawerenga kuti mwana abwerera mu Juni ndinavina ndekha m'nyumba. M'mawa mwake ndinavala chitenje chatsopano kupita kwa ahedi kukapempha malo mu Sitandade 4. Kalata yakoyo ndinaiika pansi pa Baibulo dala. Ndinati ndikamuuza kachitidwe kake, nsabwe zitha, mwana azolowera, ine ndatsala manjamanja. Ndinkafuna ulephere, Tabitha. Ine mkulu wako wa bere limodzi, mayi wa Mvano, ndinkafuna ulephere.

Chandibweza ndi tizilonda ta kunkhongo unanenato. Mwana akukanda mpaka kutupa, ine ndikuimba? Ndachita manyazi.

Iwe sungakumbuke, unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amayi atadwala chifuwa chachikulu chija unakakhala kwa azakhali ku Limbe chaka ndi theka. Unabwerako ndi nsapato, Chizungu cha "thenkyu", ndi nsabwe zodzaza mutu. Amayi akati bwera kuno, iwe kuthawira kuseri kwa nkhokwe, ati sukuwadziwa. Sanakukalipire. Anayala mkeka pansi pa mpoza uja, anakukhazika pakati pa miyendo yawo, n'kuyamba kuswa. Ndimamvabe kulira kwa zikhadabo zawo, tswa, tswa, ndi fungo la mafuta a nsatsi padzuwa la masana. Ulendo wachitatu unagona tulo mutu uli pantchafu pawo, dovu kunyowetsa chitenje, iwo osasuntha mwendo mpaka kuchita dzanzi.

Nsabwe saphera choimirira, mng'ono wanga. Mvera tsono. Usankhe masana kukuwala, ukhale pakhomo, umukhazike pansi pakati pa miyendo yako. Magolovu ukawapatse madamu. Umasule tsitsi lonse, ulipake mafuta a nsatsi ndatumizawa mpaka lifewe, kapena zoterera zija azungu amapaka akatha shampu, nazonso akuti zimathandiza. Upese ndi chipeso cha mano othinana, kachigawo kamodzikamodzi, kuyambira pakhungu penipeni mpaka kunsonga, ndipo ukapesa upukutire pansalu yoyera kuti uone chimene chatuluka. Kuseri kwa makutu ndi kunkhongo ndiye kumudzi kwawo. Mina yokanirira uisolole ndi zala. Ukapeza yamoyo umuonetse mwini mutu, uitukwaneko pang'ono, Chiye amakonda zimenezo.

Ubwereze pakapita masiku atatu kapena anayi, osalumpha, kwa milungu iwiri ndi kupitirira, kufikira utapesa katatu kotsatizana osapeza kanthu. Chipeso uzichiviika m'madzi otentha. Duku langa lija, zofunda ndi nsalu ya pilo uchape ndi madzi otentha, uyanike padzuwa. Kusukulu azipita atalukidwa zothina, ndipo chipewa cha mnzake asavale. Tizilondato tikayamba mafinya ubwerere kwa nesi wako. Nawenso wina akuyang'ane m'mutu, paja mumagona pilo mmodzi.

Chachikulu ndi pakamwa pako. Usamufunse ngati amakukonda, usamufunse ngati akufuna kubwerera kuno. Uzingocheza ndi nsabwezo.

Za Juni sindinenapo kanthu. Malo kwa ahedi alipobe.

Ndine mkulu wako,
Esinala

Dunoon
2 Juni 2024

Okondedwa achemwali a Esinala,

Muli bwanji nonse? Kuno nyengo yozizira yafika ndi mvumbi wake, madzi akulowera pansi pa chitseko. Kalata yanu ndinaiwerengera mu tekisi, ndinalira mpaka kupitirira potsikira. Zoti munkafuna ndilephere sindinakwiye nazo. Ndikanakhala ine, mwina sindikanayankha n'komwe.

Za ku Limbe ndimakumbuka nsapato zokha. Koma nditakhala pakhomo Lamulungu loyamba, n'kutsegula botolo la nsatsi lija, fungo lake linandibwezera pansi pa mpoza, mpaka ndinamva bondo la amayi likundikanikiza khutu. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti ndinawaiwala manja awo.

Tsiku loyamba khosi la Chiye linali gwa ngati mtengo. Ndinaswa makumi awiri ndi zitatu, iliyonse ndikuiuza kuti, "Iwe wakuba iwe, anakuitana ndani muno?" Ndinapempha madamu kuti Lachitatu ndiziweruka 2 koloko, ndinangoti mwana ali ndi nkhani ya kusukulu. Ulendo wachitatu ndinamva kadzanja kakugwira chala changa n'kuchipititsa kuseri kwa khutu: "Apa, pakuyenda china." Inalipodi, yonenepa ngati bwana. Ataiona anaseka, achemwali! Kuseka kwake ndi kwanu ndendende, kogwedeza mapewa kuja.

Kuyambira pamenepo nkhani zinayamba kutuluka zokha, iye nkhope ili kutsogolo, ine ndikuona nkhongo yokha. Kuti anzake amamuseka akamayankhula Chizungu. Kuti masiku oyamba ankaopa kupempha kupita kuchimbudzi posadziwa mawu ake. Kuti ankaganiza kuti ndinamusiya chifukwa ankalira kwambiri ali khanda. Pamenepo chipeso chinandigwa m'manja. Ndinachitola, ndinapitiriza kupesa, kenako ndinamuuza pang'onopang'ono chimene ndinachokera kumudzi. Iye mutu anautsamiritsa pabondo langa.

Lamulungu linalo anati tisinthane. Ndinakhala pansi ine, iye pampando, n'kundipeza nazo ziwiri. Anathamanga kukaitana Tusajigwe kuti adzaone zamanyazi za amayi ake. Paja amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ine ndaonera pamutu panga.

Tsono chandizunguza ndi ichi. Milungu iwiri ndi theka tsopano nsalu ikutuluka yoyera, ngakhale dzira limodzi. Tizilonda tinapola. Nesi wayang'ana ndi tochi, akuti m'mutu muli mbee. Koma mwana akukandabe, makamaka Lachiwiri ndi Loweruka. Kodi ndi mtundu wina wa nsabwe? Ndigule mankhwala ena?

A Douglas anyamuka pa 22, ndipo akufuna kudziwa ngati asunge mpando. Mwanayo sindinamufunse, ndikuopa yankho. Ndinakulonjezani kuti abwera, ndipo mawu anga sindingabweze pokhapokha mutandimasula ndinu. Kapepala komata ndi selotepi aka walemba yekha, wandiletsa kuwerenga.

Ndine mng'ono wanu,
Tabitha

Amayi a ku Namadzi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Ababa bondo lili bwanji? Nkhuku yanga yamawanga inaswa anapiye angati?

Ndikuuzani chinsinsi koma musaulule. Nsabwe zinatha kalekale. Ndimakanda dala. Zikatha amayi akuno ayambanso kuweruka mochedwa Lachitatu, ndipo Lamulungu azingochapa. Popesa amakoka kuposa inu koma akuphunzira. Amanunkhira sopo wa azungu ndi nsatsi.

Ndinamva akukambirana ndi a Douglas za mpando. Ine ndimakusowani tsiku lililonse. Koma ndikabwera, amayi akuno aziwayang'ana m'mutu ndani? Alibe munthu. Inu muli ndi ababa.

Ngati mwakwiya ndibwera. Mundiuze.

Ndine mwana wanu,
Chiyembekezo

Namadzi
11 Juni 2024

Tabitha mng'ono wanga,

Tilipo. Kunonso kwazizira, chiperoni chatsika sabata ino.

Makalata onse awiri ndalandira. Yaing'onoyo ndinakawerengera kudimba kuti alamu ako asandione nkhope. Zimene zalembedwamo ndi za ine ndi mwini wake, usandifunse.

Nesi wakoyo ndi mwana, nsabwe sazidziwa. Tochi! Mankhwala ena usagule, ungomuwotcha khungu pachabe. Mtundu umene uli m'mutu mwa Chiye ndimaudziwa ine. Suoneka pansalu, ndipo sutha msanga. Wina umatenga chaka, wina mpaka mwana atatha msinkhu. Mankhwala ake ndi omwewo: pakhomo, pakati pa miyendo, chipeso ndi mafuta pang'ono.

Ndiye mwana wokanda chotero ine sindingamulandire. Ndakana. A Douglas apatse mpandowo munthu wina. Kwa ahedi ndapitako dzulo, ndawauza kuti malo aja asasungenso. Anandifunsa ngati ndili ndi chimfine, ndinati eya.

Sindikubisira, zikundiwawa. Ndinamulera ndikudziwa kuti ndi wobwereka, koma mtima sumva zimenezo. Nyumba ino yandikulira. Mudzabwere nonse awiri pa Khirisimasi ya chaka chimene mungathe, ndidzamulukeko kamodzi ndi manja angawa. Umuuze kuti nkhuku yake yaswa asanu ndi mmodzi, ndiponso kuti sindinakwiye. Unene momwemo, kuti sindinakwiye, iye amva.

Lachitatu ndi Lamulungu usalumphe, ngakhale madamu atalira. Ukapesa osapeza kanthu, usamuuze kuti mulibe. Uzigundanitsabe zikhadabo kuseri kwa khutu lake, azimva kulira.

Ndine mkulu wako,
Esinala